Woimba wotsogolera akachoka: kuyerekeza njira zimene magulu a rock anatsata

Gulu loimba chamba cha rock likhoza kusintha woimba besi kapena woimba ng'oma anthu ambiri osazindikira msanga, koma likataya munthu amene amaima kutsogolo ndi maikolofoni m'manja, aliyense amadziwa tsiku lomwelo. Mawu a munthuyo ndi amene omvera anawaloweza, ndipo nkhope yake ndi imene imabwera m'maganizo dzina la gululo likatchulidwa. Otsalawo amakhala ndi dzina lomwe analikhetsera thukuta zaka zambiri, nyimbo zomwe anthu akufunabe kuzimva, antchito ochuluka odalira maulendo a gululo, komanso funso lakuti apitirire motani, kapena ngati n'koyenera kupitirira n'komwe. Magulu akuluakulu a ku Britain, America ndi Australia a m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 anayankha funsoli mosiyanasiyana, ndipo popeza padutsa nthawi yaitali, tsopano tikhoza kuona bwinobwino njira zimene zinapatsa gulu moyo watsopano ndi zimene zinangolitalikitsira masiku.

Poyerekeza njirazi ndikugwiritsa ntchito miyeso iwiri. Woyamba ndi wa pa siteji: kodi woimba watsopanoyo angathe kuima pamaso pa khamu lodzaza bwalo la masewero kwa maola awiri, n'kuimba nyimbo zakale mpaka anthu kubwerera kwawo atakhutira? Wachiwiri, umene kwa ine ndi wolemera kwambiri, ndi wa nyimbo zatsopano: kodi gululo linapeka ndi munthu ameneyu nyimbo zimene anthu amaziitanitsa pa konsati monga amachitira ndi zakale zija? Njira zina zimakhoza pa muyeso woyamba wokha, ndipo zimene zimakwanitsa yonse iwiri n'zowerengeka. Tisaiwalenso kuti oimba ena amene lero timawatenga ngati eni magulu awo nawonso anachita kulowa m'malo mwa anzawo. Bon Scott analowa mu AC/DC mu 1974 m'malo mwa Dave Evans, Ian Gillan analowa mu Deep Purple mu 1969 m'malo mwa Rod Evans, ndipo Steve Perry anafika mu Journey mu 1977 gululo litatulutsa kale zimbale zitatu. Kusintha woimba gulu lisanatchuke sikuvuta kwenikweni. Vuto limakula pamene dziko lonse lazolowera kale mawu a wochokayo.

Njira yoyamba ndi yotenga munthu wa mawu akeake, amene sakuyesa kufanana ndi wochokayo, n'kulowa naye mu situdiyo nthawi yomweyo. Pano palibe chitsanzo choposa cha AC/DC. Bon Scott anamwalira ku London pa 19 Febuluwale 1980 ali ndi zaka 33, pa nthawi imene gululo linali litangoyamba kumveka kwambiri ku America chifukwa cha chimbale cha Highway to Hell cha 1979. Abale awiri oimba magitala, Malcolm ndi Angus Young, analingalira zosiya, koma makolo a malemuyo anawalimbikitsa kuti apitirize. Pasanathe miyezi iwiri anali atatenga Brian Johnson, wa kumpoto chakum'mawa kwa England, yemwe kale ankaimba m'gulu la Geordie, ndipo Scott mwiniwake anali atamuonapo akuimba n'kumuyamikira kwa anzakewo. Anapita ku Nassau, m'zilumba za Bahamas, kukajambula ndi katswiri wa mu situdiyo Robert John "Mutt" Lange, yemwe anabadwira ku Mufulira m'dziko la Zambia, ndipo mu Julayi chaka chomwecho chimbale cha Back in Black chinatuluka, chikuto chake chili chakuda bii polira mnzawoyo. Makope ake amene agulitsidwa pa dziko lonse amayerekezedwa kuti ndi pafupifupi 50 miliyoni, zimene zimachiika pakati pa zimbale zogulidwa kwambiri m'mbiri ya nyimbo.

Mawu a anthu awiriwa sankafanana. Scott ankaimba motulutsira mawu m'mphuno, mwanthabwala, ngati munthu amene akukusimbira zimene zinamugwera usiku wapitawo, pamene Johnson amafinya kukhosi n'kutulutsa mawu okwera, okhadzula, amene amaboola phokoso la magitala. Chimene chinathandiza kuti kusiyanaku kusagwetse gulu n'chakuti mtima wa AC/DC sunali pa woimba yekha. Kugunda kwa nyimbo zawo kunkachokera pa gitala ya Malcolm, ndipo maso a anthu ankakhala pa Angus, atavala yunifomu ya mwana wa sukulu, akuthamanga uku ndi uku thukuta lili kamukamu. Johnson, ndi kapusi kake kaja, sanafunikire kusenza konsati yonse yekha. Kuyambira ulendo wa 1980, belu lalikulu linkatsitsidwa pamwamba pa siteji kuti aliimbe polowa m'nyimbo yotsegulira chimbale chija, ndipo kuyambira chimbale chotsatira cha 1981 makonsati awo ankatsekedwa ndi mizinga. Amene akufuna kuona mphamvu ya njirayi aonere zimene zinajambulidwa pa bwalo la River Plate ku Buenos Aires mu Disembala 2009, pamene khamu lonse likudumpha pamodzi n'kumaimba pakamwa ngakhale kulira kwa gitala. Usiku umenewo nyimbo za nthawi ya Scott ndi za nthawi ya Johnson zikusinthana, ndipo palibe pamene chisangalalo cha anthu chikutsika. Umenewu ndiye umboni wakuti miyeso yonse iwiri yakwaniritsidwa. Ngakhale mu 2016, pamene madokotala analetsa Johnson kupitiriza ulendo poopa kuti angagonthe makutu, gululo linamaliza makonsati otsalawo ndi Axl Rose wa Guns N' Roses, yemwe anayamba ataimba ali pampando chifukwa cha phazi lovulala, ndipo Johnson anabwerera ndi chimbale cha Power Up mu 2020.

Magulu ena atatu anayenda njira yomweyi ndipo inawakomera. Black Sabbath itachotsa Ozzy Osbourne mu 1979, inatenga Ronnie James Dio wochokera ku Rainbow, munthu wamfupi wa mawu amphamvu ndi oyera, ndipo chimbale cha Heaven and Hell cha 1980 chinadzutsa gulu limene ambiri ankati latha. Iron Maiden inasiyana ndi Paul Di'Anno mu 1981 n'kutenga Bruce Dickinson wa m'gulu la Samson, ndipo chimbale chawo choyamba pamodzi, The Number of the Beast cha 1982, chinafika pa nambala 1 ku Britain. Van Halen itasiyana ndi David Lee Roth mu 1985 inatenga Sammy Hagar, ndipo zimbale zonse zinayi za mu situdiyo zimene anajambula naye pakati pa 1986 ndi 1995 zinafika pa nambala 1 ku America, chinthu chimene sichinachitikepo m'nthawi ya Roth. Komabe nkhani ya Van Halen ikuonetsa mtengo wa njirayi. Hagar anali woimba waluso kuposa Roth, koma Roth anali msangalatsi amene ankadumpha, kucheza ndi khamu ndi kusandutsa konsati kukhala phwando, ndipo Hagar sankakonda kuimba nyimbo zambiri za mnzakeyo. Zotsatira zake, otsatira gululo anagawikana pawiri, ndipo mpaka lero, ngakhale Eddie Van Halen anamwalira mu 2020, mkangano wa Roth ndi Hagar sunazime.

Njirayi imalephereranso, ndipo magulu omwewa ndi amene akutiphunzitsa zimenezi. Dickinson atachoka mu Iron Maiden mu 1993, malo ake anatenga Blaze Bayley, woimba wakhama wa mawu otsika, koma nyimbo zakale zinapekedwa molingana ndi mawu okwera a Dickinson, moti usiku uliwonse Bayley ankalimbana ndi nyimbo zimene sizinali za kukhosi kwake. Gululo linayamba kuimba m'malo ang'onoang'ono, ndipo mu 1999 Dickinson anabwerera. Van Halen nayo inayesa kachitatu ndi Gary Cherone wa m'gulu la Extreme, koma chimbale chawo cha 1998 sichinalandiridwe ndipo chaka chotsatira anasiyana. Sindikuganiza kuti anthu awiriwa anali oimba osatha. Anafika pa nthawi imene achinyamata anali atatembenukira ku zamba zina, magulu awo atatopa, ndipo mulu wa nyimbo zakale unali utakula kwambiri moti zatsopano zinalibe polowera. Johnson, Dio ndi Dickinson anafika pamene anzawo opeka nyimbo anali adakali ndi njala, ndipo kusiyana kwakukulu kuli pamenepo.

Njira yachiwiri ndi yosayang'ana kunja, koma kukweza mmodzi mwa amene ali kale m'gulu. Peter Gabriel atachoka mu Genesis mu 1975, ambiri anaona ngati gululo lafa, chifukwa iye ndiye ankaonekera pa siteji atavala mutu wa nkhandwe, duwa lalikulu kapena chigoba cha nkhalamba, n'kumasimba nthano pakati pa nyimbo. Otsalawo anayesa oimba ambiri, ndipo amene ankawaphunzitsa mmene nyimbozo zikuyendera anali woimba ng'oma, Phil Collins, yemwe kale ankathandizira mawu kumbuyo. Pomaliza zinaoneka kuti mphunzitsiyo akuimba bwino kuposa onse amene ankawaphunzitsa, ndipo chimbale cha A Trick of the Tail cha 1976 chinatuluka ndi mawu ake. Ubwino wa njirayi ndi wakuti omvera sakumana ndi mlendo, ndipo munthuyo amadziwa kale mmene anzake amapekera nyimbo. Koma imatsegula dzenje pamene iye wachoka. Genesis inayenera kulemba woimba ng'oma wina wa pa maulendo, poyamba Bill Bruford kenako Chester Thompson, ndipo chimodzi mwa zinthu zokoma kuonera m'makonsati awo chinabadwira pamenepa: Collins akasiya maikolofoni pakati pa nyimbo yaitali, n'kuthamangira kumbuyo kukakhala pa ng'oma zake, anthu awiriwo n'kuyamba kuyankhana ndi timitengo. Collins sanavale zigoba za Gabriel, ankangocheza ndi anthu ngati mnzawo, ndipo pang'onopang'ono gululo linasiya nyimbo zitalizitali n'kuyamba zazifupi zokomera wailesi, mpaka linadzaza bwalo la Wembley masiku anayi otsatizana mu Julayi 1987. Okonda Genesis yakale ena sanakhululuke kusinthaku, koma pa miyeso yanga iwiri ija gululi linakhoza. Chodziwikiratu n'chakuti Collins atachoka mu 1996 ndipo iwo n'kutenga Ray Wilson kuchokera kunja, anangotulutsa chimbale chimodzi mu 1997, ulendo wa ku America n'kulephereka, gululo n'kuima.

Njira yomweyi sinathandize The Doors. Jim Morrison atamwalira ku Paris mu Julayi 1971, Ray Manzarek ndi Robby Krieger anagawana kuimba n'kutulutsa zimbale ziwiri, mu 1971 ndi mu 1972, koma pofika 1973 anali atasiya. Iwo anali akatswiri pa zida zawo, ndipo Krieger ndiye anapeka zina mwa nyimbo zawo zotchuka, koma anthu ankabwera kudzaona Morrison, ndakatulo zake ndi kusadziwika kwa zimene achite pa siteji. Pamene woimba ndiye nkhani yonse ya gulu, kukweza mnzake sikutseka mpatawo.

Pafupi ndi njira imeneyi pali yotenga wachibale. Lynyrd Skynyrd inataya Ronnie Van Zant pa ngozi ya ndege mu Okutobala 1977, ndipo patatha zaka khumi gululo linadzukanso ndi mng'ono wake Johnny, amene mawu ndi kalankhulidwe kake n'zochokera m'nyumba imodzi ndi malemuyo. Okonda reggae kwathu kuno amaidziwa bwino nkhani yotereyi kudzera mu Black Missionaries ya ku Chileka: Evison Matafale atamwalira mu 2001, Musamude Fumulani anatsogolera, ndipo iye atamwalira mu 2007 mbale wake Anjiru anapitiriza, zimbale za Kuimba n'kumatulukabe motsatana manambala. Omvera amalandira wachibale mosavuta chifukwa amaona kuti ali ndi ufulu woimba nyimbozo ndiponso akulira maliro omwewo amene iwo akulira. Koma ubale paokha supeka nyimbo. Makonsati a Lynyrd Skynyrd akhala akudalira kwambiri nyimbo za zaka za m'ma 1970, ndipo chimwalirireni Gary Rossington mu 2023 palibenso mmodzi mwa oyambitsa gululo amene ali pa siteji.

Njira yachitatu ndi yofunafuna munthu amene mawu ake akufanana ndi a wochokayo. Apa nkhani yotchuka ndi ya Journey. Steve Perry atasiyana ndi gululo kotheratu mu 1998, linayenda ndi Steve Augeri mpaka 2006, kenako Jeff Scott Soto kwa kanthawi, ndipo mu 2007 woimba gitala Neal Schon anapeza pa YouTube munthu wa ku Philippines, Arnel Pineda, akuimba nyimbo za magulu ena ndi gulu lake la The Zoo. Pineda anakula movutika kwambiri, mpaka ankagona m'misewu ya Manila ali mnyamata, ndipo mu Febuluwale 2008 anaima koyamba ngati woimba wa Journey pa chikondwerero cha ku Viña del Mar m'dziko la Chile. Amene anaonera konsati yawo ya ku Manila ya 2009 amadziwa kuti munthuyu sangotengera chabe. Amathamanga siteji yonse, amakwera mawu mopanda mantha, ndipo chimwemwe chake n'chenicheni. Anabweretsanso omvera atsopano ochuluka, makamaka anthu a kwawo okhala m'mayiko osiyanasiyana, ndipo tsopano wakhala m'gululo nthawi yaitali kuposa Perry. Mu 2017, pa mwambo wolowetsa Journey mu Rock and Roll Hall of Fame, malo olemekezera akatswiri a chambachi, Perry mwiniwake anamuyamikira pamaso pa anthu.

Ndimamulemekeza kwambiri Pineda, koma njira imene inamubweretsa ili ndi malire amene luso lake silingachotse. Chimbale choyamba chimene anajambula ndi gululo, Revelation cha 2008, chinatuluka ndi mbali yachiwiri ya nyimbo zakale zojambulidwanso ndi mawu ake, zimene zikusonyeza ntchito imene anamuitanira. Anthu amagula tikiti kuti amve nyimbo za 1978 mpaka 1986 zikumveka monga ankazimvera pa wailesi, ndipo nyimbo yatsopano ikayamba, ambiri amapeza mpata wokagula chakumwa. Woimba wotere amayamikiridwa akafanana ndi mnzake uja ndipo amadzudzulidwa akasiyana naye, choncho alibe malo okulira. Komanso akuimba usiku ndi usiku nyimbo zokwera zimene mwini wake anazijambula ali mnyamata, pamene iye zaka zikupita. Judas Priest inaona zofanana ndi zimenezi. Rob Halford atachoka mu 1992, iwo anatenga Tim Owens mu 1996, yemwe ankaimba m'kagulu kotengera nyimbo za Judas Priest yomweyo ku America. Pa siteji ankakwanitsa nyimbo zonse zovuta, koma zimbale ziwiri zimene anajambula nawo sizinakhazikike m'mitima ya anthu, ndipo Halford atabwerera mu 2003 nyimbo za nthawi ya Owens zinasowa m'makonsati. Njirayi ndi yabwino kwa gulu limene lavomereza kuti ntchito yake yatsala yosunga nyimbo zakale, ndipo ndi yabwino kwa womvera amene sanapeze mwayi woziona zikuimbidwa kale. Kupitirira apo ilibe zambiri zopereka.

Njira yachinayi ndi imene Queen inasankha, yoitana woimba ngati mlendo wolemekezeka, dzina lake n'kulembedwa padera pambali pa dzina la gulu. Freddie Mercury, wobadwira ku Zanzibar mu 1946, anamwalira pa 24 Novembala 1991, ndipo aliyense amene anaonapo mphindi pafupifupi 20 zimene Queen inaimba pa Live Aid, konsati yothandiza ovutika ndi njala, ku Wembley pa 13 Julayi 1985 amamvetsa chifukwa chake panalibe munthu akanalowa m'malo mwake. Pa tsikulo iye ankaponya mawu opanda tanthauzo kwa anthu 72,000, iwo n'kumubwezera onse pamodzi, manja ali m'mwamba akuomba nthawi imodzi kuyambira kutsogolo mpaka kumapeto kwa bwalo. Woimba besi John Deacon anaona kuti popanda Mercury palibe chopitirizira, ndipo anapuma mu 1997. Brian May ndi Roger Taylor anadikira zaka zambiri asanayambe kuyenda ndi Paul Rodgers, wa magulu a Free ndi Bad Company, pansi pa dzina lakuti Queen + Paul Rodgers, ndipo imodzi mwa makonsati awo oyambirira inali ya 46664, kampeni ya Nelson Mandela yolimbana ndi Edzi, ku George m'dziko la South Africa mu Malichi 2005. Rodgers ndi mmodzi mwa oimba abwino kwambiri amene Britain inabala, koma mawu ake ndi a chamba cha blues, olemera ndi odekha, ndipo nyimbo za Queen zimafuna munthu wokonda zisudzo ndi kudzionetsera. Chimbale chawo cha 2008 sichinapite patali ndipo mu 2009 anasiyana mwamtendere.

Adam Lambert, yemwe anakhala wachiwiri pa mpikisano wa American Idol mu 2009, anayamba makonsati athunthu ndi May ndi Taylor ku Kyiv mu 2012, ndipo iye anagwirizana ndi nyimbozo kuposa Rodgers. Mawu ake amafika pamwamba paliponse pamene nyimbo ikufuna, amavala zonyezimira mopanda manyazi, ndipo amauza khamu poyera kuti iye si Freddie ndiponso kuti nayenso ndi wokonda Freddie ngati iwowo. Nthawi zina chithunzi cha Mercury chimaonetsedwa pa sikirini akuimba, May n'kumamuperekeza ndi gitala. Chimene ndimakonda pa njirayi ndi chilungamo chake, pakuti wogula tikiti amadziwiratu chimene akukaona, ndipo malemuyo sakufufutidwa. Pa muyeso wa pa siteji, Queen + Adam Lambert ili pamwamba pa magulu ambiri amene akuyendabe. Pa muyeso wa nyimbo zatsopano sinayese n'komwe, popeza m'zaka zonsezi sanatulutse chimbale cha nyimbo zatsopano, ndipo ndikuona kuti pamenepa anachita mwanzeru ataphunzira pa zimene zinachitika mu 2008.

Za njira yosankha woimba kudzera pa mpikisano wa pa kanema sindichedwapo. INXS ya ku Australia, itataya Michael Hutchence mu 1997, inachita zimenezi mu 2005 n'kupeza J.D. Fortune wa ku Canada. Panatuluka chimbale chimodzi ndi ulendo umene unayamba bwino, koma ubalewo unali wogwedera, ndipo mu 2012 gululo linalengeza kuti lasiya maulendo. Mpikisano umaonetsa amene angaimbe bwino nyimbo imodzi pamaso pa makamera, koma suonetsa amene mungakhale naye m'basi ndi mu situdiyo zaka khumi.

Yotsala ndi njira yongosiya. Led Zeppelin inataya woimba ng'oma, John Bonham, mu Seputembala 1980, chaka chomwe AC/DC inataya Scott, ndipo mu Disembala otsalawo analengeza kuti sangapitirire monga analili. Anakumananso mwa apo ndi apo, ndipo konsati yawo yathunthu yomaliza inali ya ku O2 Arena ku London pa 10 Disembala 2007, mwana wa malemuyo, Jason, ali pa ng'oma. Anthu mamiliyoni anafunsira matikiti a malo osakwana 20,000. Pambuyo pake woimba wotsogolera Robert Plant anakana ulendo wa dziko lonse, ndipo Jimmy Page, John Paul Jones ndi Jason anayeserera ndi oimba ena, kuphatikizapo Myles Kennedy ndi Steven Tyler, koma anazisiya osatulukira nazo poyera. Ndikukhulupirira kuti anachita bwino. Dzina la Led Zeppelin silinaimbidwepo ndi mawu a munthu wina, ndipo palibe amene amakangana kuti yeniyeni ndi iti. Mtengo wake ndi wakuti mibadwo yonse ya omvera sidzamva nyimbozo zikuimbidwa ndi eni ake, ndipo amene amaona nyimbo ngati chinthu choyenera kumveka pamaso pa anthu ali ndi chifukwa chomveka chodandaulira.

Tikaziika pamodzi njirazi, zimaoneka kuti kusankha kumadalira pamene pali mphamvu ya gululo ndi msinkhu umene lafika. Ngati opeka nyimbo atsala ndipo adakali ndi zonena, monga abale a Young, Tony Iommi wa Black Sabbath kapena Steve Harris wa Iron Maiden, woimba wa mawu akeake ndiye woyenera, ndipo kutenga wongofanana ndi wakale kungakhale kudzimanga manja. Ngati m'gulumo muli kale munthu amene omvera amamudziwa mawu, kumukweza kumapulumutsa nthawi ndi mikangano. Ngati zaka zopeka zinapita ndipo chatsala ndi chuma cha nyimbo zakale, ndiye kusankha kuli pakati pa njira ya Journey ndi ya Queen, ndipo ine ndimakonda ya Queen chifukwa imalola woimbayo kukhala munthu payekha ndiponso siyesa kuphimba imfa kapena kuchoka kwa mnzake. Kwa womvera amene ali ku London, Manchester kapena Johannesburg ndipo akuganiza zotaya ndalama zambiri pa tikiti ya gulu la dzina lakale, ndi bwino kuyamba wafufuza amene adzaime pa siteji usikuwo, chifukwa magulu ena, monga Foreigner, akhala akuimba makonsati ambiri popanda ngakhale mmodzi mwa oyambitsa. Konsati yotero ikhoza kukoma ndithu, koma munthu ayenera kulipira akudziwa chimene akugula.

Ku Zambia kuli nkhani imene inayenda motembenuza. Gulu la WITCH, limodzi mwa magulu otsogola a chamba cha Zamrock m'zaka za m'ma 1970, linasiyana ndi woimba wake Emmanuel "Jagari" Chanda chakumapeto kwa zaka zimenezo, ndipo otsalawo, pamodzi ndi woimba kiyibodi Patrick Mwondela ndi oimba ena atsopano, anatembenukira ku disco m'zaka za m'ma 1980 gululo lisanazimirire. Anzake a Jagari a m'gulu loyambalo anamwalira, ndipo zimbale zakale zitatulutsidwanso kunja n'kupeza omvera atsopano, iye ndi Mwondela anadzutsa dzinalo ndi oimba zida achinyamata ochokera ku Ulaya ndi kwina. Apa amene analowedwa m'malo ndi oimba zida, woimba wotsogolera ali yemwe uja, ndipo sanakhutire ndi kuyendayenda ndi nyimbo za 1975 zokha, pakuti mu 2023 anatulutsa chimbale cha nyimbo zatsopano chotchedwa Zango, n'kuyamba kuziimba m'makonsati a ku Ulaya ndi ku America pamodzi ndi zakale zija.